Tsiku Limene Ndinafunsira Ntchito kwa a Tor

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chithupsa cha pamatako. Koma mayi a Tadala ayamba kuifotokozera mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwathu, ndipo amathira mchere wambiri, ndiye bola ndiinene ndekha. Chonde museke mwaulemu, ine ndi mkulu wa mpingo.

Chinali chaka cha corona chija. Ine Wyson, injiniya wa zamagetsi, ndinkagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono cha ku Ras Abu Aboud, kufupi ndi pamene ankamanga stadium ya ma container. Gawo langa linali loteteza nyumba ku mphenzi: kuzika zitsulo padenga, kutsitsa mawaya mpaka pansi, kuti mphenzi ikagwa ilowe m'nthaka osavulaza munthu. Poti ku Doha mvula imabwera ngati mkamwini wamanyazi, anzanga ankati ndimadya zaulere.

Moyo unali bwino ndithu. Mayi a Tadala ndi nurse, tinkakhala mu flat yathu ku Al Nasr, ana ali kusukulu kumudzi. Sitinkadandaula.

Kenako lamulo linasintha. Anati munthu atha kusintha ntchito popanda NOC, chilolezo chija tinkachita kupempha kwa bwana. Pa site ponse panadzaza manong'onong'o. Uyu akuapplya uku, uyu wapita uko. Bwana wanga sanali woipa, kungoti nkhani ya promotion ikabwera, yankho lake linali limodzi: "Bukra, inshallah." Mawa lakelo silinkafika. Nanenso mtima unayamba kuyabwa.

Pa site tinali ndi mnyamata wa ku Norway, Eirik, woyang'anira chitetezo cha ma crane. Wamtali ngati mlongoti, ndevu zofiira zikutuluka m'mbali mwa mask ngati udzu m'thumba lobooka. Tinkadyera limodzi lunch pamthunzi, motalikirana monga ankalamulira, generator ikubangula kumbuyo kwathu. Tinkalankhula Chingerezi, iye cha kwawo, ine cha kwathu, aliyense kuseri kwa mask.

Tsiku lina ndinamufunsa.

"Iwe Eirik, aliyense akusakasaka kwina. Iwe bwanji uli phee?"

Anapisa dzanja m'khosi n'kutulutsa kanyundo kasiliva kolendewera pa tcheni.

"Ine sindida nkhawa, a Wyson. Tor amandiyang'anira."

Tsono ine kale ku Lilongwe ndinagwirapo ntchito ndi mzungu wa ku Norway dzina lake Tor, munthu wokonda kanyenya. Ndinkadziwa kuti kwawoko dzinali ndi lofala ngati Banda.

"A Tor amenewa ndi ndani?"

Eirik anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kutsitsa mawu.

"Kuno sitilankhula zimenezi mokweza. Ena sangamvetse."

Mumtima ndinati: eya! Ndakugwira! Kampani ina ikuba antchito mwakachetechete.

"Ndi amphamvu?"

"Kuposa onse. Koma si odzikuza. Amakonda anthu wamba, alimi, amisiri, ogwira ntchito ndi manja."

"Nanga kanyundoko?"

"Ndi chizindikiro chawo."

Logo ya kampani yomanga! Zonse zinkagwirizana.

"Kodi zamagetsi amapanganso?"

Eirik anaseka mpaka mask inatsikira kuchibwano.

"Inuyo ndi iwo muli m'gawo limodzi ndithu!"

Abale, mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Kuyambira pamenepo lunch iliyonse ndinkamufunsa mafunso, ndipo mnyamatayo ankasangalala kwambiri, poti palibe amene anamufunsapo zimenezi chibwerereni ku Qatar. Pano ndikaganiza, ndikukhulupirira kuti ankanena kuti "the old gods". Koma pakati pa mask ndi generator, ine ndinkamva "the old guards". Ndinkati akunena akuluakulu amene anayambitsa kampani.

Anandiuza za Odin, bambo ake a Tor: nkhalamba ya diso limodzi, yokonda nzeru, yoyendayenda, yosati n'kuikhulupirira kwathunthu.

Ndinati mumtima: Chairman ameneyo.

Anandiuza za Freya, mayi wokongola wokonda golide, amene anthu amapitako pa nkhani za chuma ndi chikondi.

Finance ndi HR, ofesi imodzi.

Anandiuza za Loki, amene amayambitsa mavuto kenako n'kubwera ndi nzeru yowathetsera, ena amamukonda, ena safuna ngakhale kumva dzina lake.

"Wotere kampani iliyonse ili naye," ndinatero. "Kwathu kuno ndi uja wa ku stores."

Eirik anaomba m'manja. "Mukumvetsa msanga inu!"

Anatinso aliyense wa iwo ali ndi tsiku lake. Lachitatu ndi la Odin, Lachinayi ndi la Tor. Ndinasirira. Mabwana obwera ku ofesi kamodzi pa sabata, imeneyo ndiye kampani yokhazikika.

"Ndipo tili ndi ma branch angapo," anapitiriza. "Ife ndife Asatru, timatsata Odin ndi Tor. Pali Vanatru, amenewo amatsamira kwa Freya ndi abale ake, za ulimi, za nyanja, za zokolola. Pali ena amatsata Loki. Ena safuna kuchita chilichonse chimene sichinalembedwe m'mabuku akale, ena amangoyendera mtima."

Branch ya zomangamanga, branch ya agriculture ndi marine. Kampani yaikulu zedi!

Ndinatsala ndi funso limodzi lolemera. Ndinakanda kukhosi.

"Eirik, undiuze zoona. Munthu wakuda ngati ine amamulandira?"

Nkhope yake inasintha.

"Alipo ena amati izi ndi za azungu okhaokha. Amenewo sitiyenda nawo, amatichititsa manyazi. Kwa ife khomo ndi lotseguka kwa aliyense."

Ndinatsala pang'ono kumukumbatira, corona ndiye anandiletsa.

"Ndiye munthu amalowa bwanji?"

"Bwerani mudzaone kaye. Lachisanu masana tili ndi msonkhano pa video, poti masiku ano sitingakumane. Mubwere ndi chakumwa. Mukonzekerenso kunena zimene mwachita bwino pa moyo wanu. Kwathu kudzitamandira n'kololedwa."

"A Tor adzakhalapo?"

"Timawaitana nthawi zonse."

Interview! Ndinafika kunyumba mapazi osagunda pansi.

Mayi a Tadala anamvetsera zonse manja ali m'chiuno.

"Kampaniyo dzina lake chiyani?"

"Asatru."

"Mwaifufuza pa internet?"

"Pa foni ya kuntchito? Kuti a IT aone? Mayi, mukufuna andichotse ndisanapeze kwina?"

"Tengani yangayi."

"Makampani akuluakulu sadzionetsera pa internet. Ingositani suti."

Anasita. Mkazi wanga amatsutsa ndi pakamwa, koma manja ake amandikonda.

Lachisanu masana ndinavala suti yakuda ija ya pa Mgonero, tayi yofiira, ndi nsapato zomwe, ngakhale kamera siona kumapazi. Ndinaika kapu ya karak, tiyi wa mkaka wa kuno, pambali pa laptop. Mayi a Tadala anakhala pa sofa, pomwe kamera sifika, akusenda lalanje.

Pa screen panatuluka nkhope zingapo. Mayi wina wa imvi, dzina lake Ingrid, ndiye ankatsogolera. Kumbuyo kwake kunali makandulo ndi kachosema ka mtengo. Panali bambo wina wonenepa atavala juzi, ali m'nkhalango, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Panali mtsikana atanyamula mphaka. Eirik analinso pomwepo, ali ku flat yake ku Al Khulaifat. Wovala tayi ndinali ndekha.

Ndinadziuza kuti makampani amakono amatero.

"Lero tili ndi mlendo," anatero Ingrid. "A Wyson a ku Malawi, mnzake wa Eirik. Takulandirani. Tiyeni tonse tikweze nyanga zathu."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Koma ayi. Aliyense anakweza nyanga. Nyanga yeniyeni ya ng'ombe, yopindika, yopukutidwa bwino!

Lalanje linagwa pansi.

"Bambo a Tadala! Nyanga!"

Ndinadina mute. "Mayi, khalani chete. Ndi makapu chabe a kwawo. Simukuona Eirik wathiramo juwisi wa apulo?"

"Kampani yanji yoyamba msonkhano ndi nyanga?"

"Chikhalidwe, mayi. Company culture."

Ndinakweza kapu yanga ya karak, ndikumwetulira ngati palibe chachitika.

Ingrid anati tiyamba ndi kulemekeza akuluakulu, aliyense atchule amene akumufuna. Wa juzi anakuwa, "Hail Odin!" Onse anayankha, "Hail!" n'kumwa. Wa mphaka anati, "Hail Freya!" Ndinaona kuti apa aliyense akunyengerera bwana wa department yake. Zimenezo ndiye ndimazitha.

Itafika nthawi yanga ndinakonza tayi.

"Ine ndikupereka ulemu kwa a Tor. Sindinakumane nawo maso ndi maso, koma ndamva zabwino zambiri za iwo. Ndine wokonzeka kuwatumikira mokhulupirika, nthawi iliyonse imene angandifune."

"Hail!" onse anafuula. Ingrid anagwira pamtima. Eirik anatukula nsidze modabwa, koma anamwa.

Ndinatsinzinira mayi a Tadala. Round yoyamba yadutsa.

Yachiwiri anati ndi ya makolo amene anatisiya. Aliyense anatchula wake, wina agogo ake asodzi, wina mayi ake amene corona anali atangowatenga kumene. Apa zinandikhudza, sindinama. Ndinatchula malemu bambo anga, kalipentala wa ku Ntcheu amene anagulitsa njinga yake kuti ine ndipite ku sekondale. Anthu osawadziwa, a kutsidya kwa nyanja, anakweza nyanga n'kutchula dzina lawo molisokoneza, koma ndi ulemu wonse. Ndinati mumtima, kampani yokumbukira ndi akufa omwe, kulibenso ina.

Pamenepo wa juzi anapendeketsa nyanga yake n'kuthira chakumwa patsinde pa mtengo.

"Bambo a Tadala," ananong'ona mayi, "uku ndi kuthira nsembe uku."

"Wataya mwangozi. Manja achita dzanzi ndi kuzizira."

"Mwangozi akuyankhula ndi mtengo?"

Apo n'kuti round yachitatu itayamba, ija yodzitamandira. Wa mphaka anati wasiya kusuta. Wa juzi anati wamanga yekha khola la nkhosa. Ndinamva chisoni. Ma candidate anzanga ndi amenewa? Ntchito iyi ndaitenga kale.

Ndinaimirira, mutu n'kutuluka mu kamera. Ndinakhalanso pansi.

"Madam, ndi inu nonse. Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana ndi mdani mmodzi, ndipo sanandigonjetsepo. Mdaniyo ndi mphenzi!"

Wa mphaka anasiya kusisita mphaka.

"Nyumba imene ndagwira ine, mphenzi imangoiyang'ana n'kubwerera kumene yachokera. Ikachita makani, ndimaigwira pakhosi, kuitsitsa ndi waya, n'kuikwirira m'nthaka ngati galu wakufa! Anthu amaopa bingu, ine ndimati ndi phokoso chabe. Ndipo mukawauze a Tor kuti akanditenga, ndikulonjeza kuti kumene ndidzakhale ine, mphenzi sidzaonekanso!"

Ndinakweza karak, kudikira "Hail".

Zii.

Wa juzi anayang'ana kumwamba, n'kusuntha pang'ono kuchoka pansi pa mtengo. Eirik anali ataphimba nkhope ndi manja onse awiri.

"Amenewo ndi mawu... olimba mtima," anatero Ingrid pang'onopang'ono.

Ndinaona kuti ndawagometsa. Munthu ukagometsa panel, usachedwe, lowa pa ma benefits.

"Ngati mungalole, ndili ndi mafunso pang'ono. Nkhani ya accommodation ili bwanji?"

Wa juzi anaganiza kuti ndikuseleula, ndiye anaphulika kuseka.

"Accommodation? Valhalla, m'bale wanga, kwa Odin! Holo yaikulu, nyama tsiku ndi tsiku, zakumwa zosatha!"

"Zaulere?"

"Zaulere!"

Ndinatembenukira kwa mayi a Tadala. Mwamva?

"Banja amalola?"

"Ayi, kumeneko munthu amapita yekha."

"Mafi mushkil, palibe vuto, tizidzaonana pa leave."

"Leave kulibe. Ukalowa walowa."

Apa ndinakayika pang'ono, koma ndinati contract ndi zokambirana.

"Chabwino. Ndingayambe liti? Ine ndikungofunika kupereka notice kuno."

"Notice siyofunika," anatero wa juzi akupukuta misozi. "Mungofunika kufa kaye. Makamaka ku nkhondo."

Ndinaseka pang'ono mwaulemu, kudikira yankho lenileni. Silinabwere.

Eirik anachotsa manja kumaso.

"A Wyson. Ndikufunseni. Inuyo mukuganiza kuti Tor ndi ndani?"

"Si Managing Director?"

Abale inu! Sindinadziwe kuti anthu a kumaiko ozizira amatha kuseka choncho. Wa juzi anasowa pa screen, tinkangoona nthambi za mitengo ndi kumva kulira. Mphaka anathawa. Eirik anagwetsa nyanga, juwisi yense pa keyboard. Ingrid yekha ndiye anayesetsa kudzigwira, milomo ikunjenjemera.

"A Wyson," anatero mofatsa, "ichi ndi chipembedzo. Ndi chikhulupiriro cha makolo athu akale, Chikhristu chisanafike kwathu. Odin, Freya, Loki, onsewo ndi milungu. Tor ndi mulungu wa bingu ndi mphenzi. Nyundo ija ndi imene amamenyera."

Thukuta linatsika kuchokera m'khosi mpaka m'masokosi. Ndinakumbukira galu wakufa uja. Ndinakumbukiranso kuti ine, mkulu wa mpingo, ndalonjeza pamaso pa mboni kutumikira mulungu wachilendo nthawi iliyonse imene angandifune, nditavala suti ya pa Mgonero.

Pomwepo mutu wa mayi a Tadala unalowa mu kamera, duku lili pambali.

"Ndiye kuti Mphambe!"

"Pepani?" anatero Ingrid.

"Mphambe! Kwathunso makolo ankatchula Mulungu choncho akamagunda ndi kung'anima. Mvula ikavuta ankapita kukachisi, kuthira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo, ngati achitira bambo awo. Ine ndinaona kalekale. Awa ndi amene samamva."

Basi, interview yanga inathera pomwepo. Mayi a Tadala anandikankha ndi chiuno n'kukhala pa mpando. Ingrid anayamba kufunsa za mizimu ya makolo, wa juzi anabwerera akufuna kudziwa mtengo wake ndi wanji, wa mphaka akuyeserera kutchula Mphambe mpaka malovu pa kamera. Iwonso anafotokoza zawo, kuti alibe buku limodzi lolamula onse, kuti sakopa anthu, ndi kuti chachikulu kwa iwo ndi kusunga mawu ako ndi kulandira bwino alendo. Ine ndinangoima kumbuyo ngati mlonda, tayi ikundinyonga.

Pomaliza ndinaweramira mu kamera.

"Madam, pepani. Ine ndine Mkhristu. Lonjezo lija..."

"Musadandaule," anatero Ingrid. "Lumbiro kwathu ndi chinthu cholemera, munthu amalumbira akudziwa chimene akunena. Inu simunkadziwa. Komanso munagwira kapu ya tiyi."

"Nanga zija ndanena za mphenzi?"

"Zimenezo mukambirane ndi Tor," anakuwa wa juzi. "Koma amakonda anthu olimba mtima!"

Kunena zoona, sizinathe moipa. Ntchito sindinasinthe, ndipo patapita miyezi bukra ya bwana ija inafika, anandikweza. Eirik ndi mnzanga mpaka lero, amabwera kudzadya kwathu, ndipo tsopano akamafotokoza za milungu yake ndimamva zenizeni, poti masks tinavula. Iye ali ndi chikhulupiriro chake, ine changa, mpunga timadyera mbale imodzi.

Koma chimene chinandimaliza chinachitika titangotseka laptop tsiku lomwelo. Mayi a Tadala anali akugubuduka pa sofa ndi phwete. Mwadzidzidzi anasiya, n'kugwira kumutu.

"Mayo ine!"

"Chiyaninso?"

"Ndinaimbira amayi kumudzi dzana. Ndinawauza kuti muli ndi interview."

"Ndiye?"

"Anasonkhanitsa azimayi onse a kumpingo. Chiyambire dzulo akusala kudya, kupemphera kuti Mulungu afewetse mtima wa a Tor."

Ndinakhala pansi, pa lalanje lija.

Nthawi yomweyo foni yawo inalira. Anawerenga uthenga, n'kundiyang'ana ndi maso achifundo.

"Ndi amayi. Akuti musade nkhawa, zatheka. Alota a Tor akukulandirani ndi manja awiri."

"Aimbireni! Aimbireni pompano! Auzeni asamasule, apitirize kusala, koma asinthe mutu wa pemphero!"

Ukamva kuti bwana ndi wamphamvu, yamba wafunsa ngati ali ndi ofesi kapena kachisi.